Meseji ya 6 koloko madzulo ija ndinkalemba ndine

Ngati munatengapo kangongole ka pa foni cha mma 2018, 2019 umo, nde mwangomaliza kubweza foni ikulira tiii, kuyang'ana mukupeza meseji yoti "Zikomo pobweza msanga, tsopano mutha kutenga yochulukirapo, mwatsala ndi maola 24", mwina mawu amenewo ndinalemba ndine. Sindikulumbira chifukwa ochita geni imeneyi tinalipo angapo ndipo tinkangokoperana, koma mwina ndithu.

Ndayambira pamenepa dala. Masiku ano ana a pa Chanco amandipeza pafupipafupi, ena ku tchalitchi ena pa chiwaya ku Chikanda, funso lake limodzimodzi, akulu tipange bwanji kuti tilowe mu tech, tiziposita chani pa LinkedIn kuti mabwana atione. Ndimayankha zachidule kenako ndikafika kunyumba mtima umandiuza kuti ana aja wawapatsa fupa nyama wabisa. Nde ndati ndilembe kamodzi zonse, wofuna awerenge.

Ine ndi wa konkuno ku Zomba, ndinakulira ku Chinamwali. Facebook ndinatsegula mu 2009 pa kafe ya intaneti mtauni muno, mphindi zikuwerengedwa iwe uli chile kudikira chithunzi chimodzi kuti chitseguke. Koma kuyamba kuikonda kwenikweni ndi 2011, chaka cha nkhani ya academic freedom chija, sukulu yotseka miyezi yambirimbiri ife tili pakhomo opanda chochita, ka Nokia mmanja ndi Opera Mini. Pa 20 July anthu atalowa mmisewu nkhani zinkafika pa Facebook wailesi isananene kanthu, ndipo ine ndinakhulupirira ndi mtima wonse kuti chinthu ichi chabwera kudzatimasula. Sindikudziseka ayi, nthawi imeneyo zinkaonekadi choncho.

Ntchito yanga yoyamba inali ku Limbe, pa pepala dzina lake linali lalikulu koma zenizeni ndinali wokonza pulinta. Bwana aiwala pasiwedi, ndine. Khoswe wadya waya, ndine. Zaka ziwiri basi ndinathawa, ndinapita ku Lilongwe kukalemba ma code pa kampani ina yaing'ono. Inali nthawi yoti Airtel Money ndi Mpamba zangolowa kumene ndipo aliyense, mabanki, mabungwe, ogulitsa mbewu, ankafuna kanambala kake koyamba ndi nyenyezi kuthera ndi hashi.

Kuti ndikhale product manager sindinachite kufunsira. Kuofesi kuja anzanga onse ankadana ndi zopita kumudzi, ine ndinkakonda chifukwa kunali alawansi komanso ndine wolongolola chibadwire, nde nthawi zonse akafuna munthu wokafunsa ma ejenti kuti chavuta ndi chani ankatuma ine. Mapeto ake ndinapezeka kuti ma code ndasiya, ntchito yanga ndi kuima pakati, uku olemba ma code, uku mabwana ofuna ndalama, uku anthu ogwiritsa ntchito chinthucho, nkumasankha kuti tipange chiti kaye tisiye chiti. Ndiyo ntchito ya product manager imeneyo. Mayi anga mpaka lero amauza anzawo a mvano kuti ndimakonza mafoni, ndinasiya kuwatsutsa.

Ndipo ntchito imeneyo ndinaikonda abale. Muli tinthu tating'onoting'ono toti munthu wakhala mu ofesi sangatidziwe. Zija mumadina nyenyezi zija zimaduka zokha ukachedwa kuyankha, nde agogo amene amawerenga liwu limodzilimodzi akamafika pa nambala 4 chinthu chatseka kale, ayambirenso. Meseji imodzi imalola zilembo 160, ukapyola kampani ilipira ngati mameseji awiri, pomwe Chichewa chathuchi mawu ake ndi ataliatali, "simunakwanitse" lokha ladya zilembo 14. Tinkatha tsiku lonse tikukangana liwu limodzi. Ndinakhalapo pansi pa ambulera ya ejenti wina mzimayi masiku atatu ndikungoyang'ana mmene anthu amagwirira foni, amene amapereka foni kwa ejenti ndi kumuuza PIN mokweza, amene amabwera ndi kamwana ka pulayimale kodzawawerengera. Mayi ameneyu mumukumbukire, abweranso kutsogoloku.

2017 ndinalowa kampani ya ngongole za pa foni, malipiro anakwera kawiri. Kumeneko ndi kumene ndinaphunzira mbali ina ya ntchitoyi. Lolemba lililonse mmawa miting'i, pa khoma nambala imodzi, mwa anthu amene abweza ngongole ndi angati abweranso kudzatenga ina. Nambala ikakwera tiwomba mmanja, ikatsika aliyense amayang'ana ine. Nde timachita chonchi, timagawa anthu pawiri osawauza, gulu ili tilitumizira mawu awa, gulu ilo mawu ena, pakatha sabata tiona omwe akola ambiri. Tinayesa nthawi, mmawa, masana, madzulo. Inapambana 6 koloko madzulo ndipo aliyense wokulira ku Malawi kuno akudziwa chifukwa chake, ndi nthawi yoti munthu waweruka, makala atha, ndiwo kulibe, ana akukuyang'ana. Tinayesa mawu, "mwatsala ndi maola 24" anapambana kutalitali ngakhale kuti zoona zake panalibe chimene chimatha pa maola 24, mawa lake ngongole yomweyo imakhala ilipobe. Chaka chimenecho ndinalandira bonasi ndinagula galimoto.

Nthawi yomweyo dzina langa pa Twitter linali likukula. Chakumapeto kwa 2017 atawonjezera zilembo za twiti imodzi kufika 280 ndinayamba kulemba ma thread, matwiti ondondozana, a za tech ku Malawi, bandulo kudula, chifukwa chani ma app akunja amafera kuno, zoterozo. Anthu anayamba kunditsata, kenako kuitanidwa ku ma hotelo ku Lilongwe kukakhala kutsogolo ndi maiki, chithunzi, kuposita, ma like, kuitanidwanso kwina. Ndinkadziuza kuti imeneyi ndi mbali ya ntchito, ndikumanga dzina. Koma kunena zoona ndikadzuka chinthu choyamba sichinali kupemphera kapena kusukusula, chinali kuona kuti usiku wandiyankha ndani. Mlandu wa chisankho cha 2019 uja ndiye unandimaliza, miyezi yonse ija wailesi khutu limodzi chala pa foni, mpaka pa 3 February 2020 tsiku lachigamulo ndinakhala tsiku lonse ndikutwita osagwira ntchito olo imodzi. Ndinakangana ndi anthu oti sindikuwadziwa nkhope, ena mwina sanali anthu nkomwe.

Tsopano nkhani imene ndimaibisa ija.

Khrisimasi ya 2019 ndinapita ku Jali kwa azakhali anga, alongo awo a malemu bambo. Amagulitsa mpunga ndi matemba a ku Chilwa, munthu wolimbikira kuposa tonse pamtundu pathu. Titadya anatulutsa kafoni kawo komanga ndi labala nkuti mwanawe, iwe wa mafoni, tandiwerengera bwinobwino izi, anthu awa koma amandikonda, tsiku ndi tsiku amandikumbuka. Ndikutsegula ndikupeza mameseji athu ali ndandanda. Mawu anga, mpaka kakoma kamene ndinakanganirana ndi mnzanga kuti kakhale pati. Azakhali ankaganiza kuti ku ofesi kuli kamtsikana kamene kamawalembera iwo okha, amati kamwana kameneka nkaulemu, sikaiwala kunena zikomo. Nditafunsitsa ndinapeza kuti kwa miyezi ingapo ankatenga kuno kubweza uko, kutenga uko kubweza kuno, phindu lonse la matemba likuthera pa chiwongola dzanja, ndipo ngongole zambiri sanazitenge chifukwa choti anali pa vuto ayi, ankati ukakana munthu wakupatsa mwaulemu mawa sadzakupatsanso.

Mukuganiza kuti ndinasiya ntchito pompo? Ayi ndithu. Ndinawalipirira zonse, ndinawauza kuti azakhali musamayankhe zimenezi ndi kompyuta chabe, sindinawauze kuti kompyutayo ndine. January ndinabwerera ku Lilongwe, Lolemba ndinali mu miting'i ija, nambala ili pa khoma. Ndinatwitanso ka thread kabwino kwambiri ka mmene ngongole za pa foni zikufikira anthu amene mabanki anawaiwala, kanayenda heve.

Corona atalowa mu April 2020 anatiuza kuti tizigwirira kunyumba, ine ndinaona kuti kulipira lendi ya ku Lilongwe uli pa laputopu nkupusa, tinasamukira kuno, tinapeza nyumba ku Matawale, madam anapeza malo ophunzitsa pa sukulu ina. 2021 munthu wina wakunja anandilembera ku DM, meseji yapambali pa Twitter, kuti akufuna product manager wodziwa msika wa kuno, ntchito yogwirira pakhomo, malipiro mu madola. Apa ndiyenera kunena chilungamo chifukwa ena amati ma social media alibe phindu, bodza, khomo limenelo linatsegukira pa Twitter. Koma patapita chaka ndi pamene bwana uja anandiuza kuti asanandilembere anafunsa kaye mnzanga wina amene tinagwira limodzi ku Lilongwe, ndipo anandilemba chifukwa cha zimene mnzangayo ananena, ma thread anga anangowerenga awiri. Ine chaka chonse ndinkayenda ndikuganiza kuti ndi ma follower andipezera.

Kugwira ntchito yakunja uli ku Zomba ndi nkhani payokha. January 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi ku Kapichira magetsi anayamba kuzima maola ambirimbiri, ndinagula inveta, mabatire, sola, ma SIM awiri, chifukwa mzungu sangamve zoti magetsi azima kachitatu sabata imodzi. Ma miting'i ena usiku chifukwa kwawoko kuli masana. May chaka chomwecho kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti ine ndinadzuka malipiro atakwera osachita kanthu pomwe aneba akulira mtengo wa mafuta ophikira, ndinkachita manyazi kugula nkhuku poyera. Koma chachikulu chimene palibe anandichenjeza ndi kusungulumwa. Ulibe mnzako wodya naye nsima masana, ulibe woseka naye bwana akalakwitsa, uli wekha mchipinda ndi fani. Nde Twitter inasanduka ofesi yanga, kantini yanga, bawo yanga, zonse. Ndikatopa ndi ntchito ya pa sikirini ndinkapuma popita pa sikirini ina.

Pa 4 October 2021 mukukumbuka WhatsApp, Facebook ndi Instagram zinazima limodzi pafupifupi maola 6, kuno kunali madzulo. Ine munthu wa tech ndinazimitsa foni nkuyatsa kanayi, ndinagula bandulo ina poganiza kuti yatha, ndinatukwana netiweki yosalakwa kkkk. Madam anangondiyang'ana nkunena kuti adadi, kodi inu mumakhala nafe pano kapena mumangogonapo? Ndinaseka, ndinaitwita nkhaniyo usiku womwewo.

Kenako mphepo inatembenuka. October 2022 Elon Musk anagula Twitter pa madola 44 biliyoni nkuchotsa pafupifupi theka la antchito, November Meta inachotsa anthu 11,000, January 2023 Microsoft 10,000, Google 12,000. Ine ndili kalikiliki kulemba ma thread ofotokoza chifukwa chake ngati katswiri, osadziwa kuti makampani ang'onoang'ono ngati yathu amadya ndalama za anthu oika ndalama omwewo, akatseka mpopi kumtunda kumunsi kuuma. February abwana anandiitana pa kolo, mphindi 10, mawu okoma, tisanamalize nkomwe kutsanzikana akaunti yanga ya kuntchito inali itatsekedwa kale. March kunabwera namondwe Freddy, anthu akufukulidwa mmatope ku Chilobwe, kuno anthu ali mmisasa mmasukulu, ungalire bwanji za ntchito pamenepo. Ndinangokhala chete mwezi wonse.

Nditalimba mtima ndinaposita pa LinkedIn ndi pa Twitter kuti ndikufuna ntchito. Eee ma like ake, sindinaonepo. Timitima, timanja topemphera, "wamkulu ngati inu simuchedwa", "tumizani CV ku DM". Ndinatumiza. Mwezi, miyezi iwiri, itatu, zii. Chikomekome cha mkuyu ndithu. Intaviyu imodzi yokha imene inafika patali, bambo wina wa pa panelo anatulutsa pepala nkundiwerengera zimene ndinatwita mu 2019 ndikunyoza mabungwe a mtundu wawo womwewo, anandifunsa mwaulemu kuti kodi maganizo amenewa mukadali nawo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, iwo ankanena za mmudzi momwe mawu amaiwalika, nanga kuli bwanji kumene mawu amasungidwa ndi deti lake ndi nthawi yake.

Chimene chinanditsegula mmaso ndi chinthu chopepera kwambiri. Ndinakhala masiku awiri osatsegula app ina chifukwa chokhumudwa, tsiku lachitatu ndili pakhonde foni tiii, akuti anthu akutiakuti aposita, mwaphonya zambiri. Ndinayang'ana nthawi, cha mma 6 madzulo. Ndinaseka mpaka madam anatuluka kukhitchini. Chifukwa ndinaona zonse, ndinaona chipinda cha miting'i kwinakwake ku California, munthu ngati ine ndi khofi wake, nambala pa khoma, gulu ili gulu ilo, ndipo ine ndili mgulu la amene akhala masiku awiri osabwera, tiwakumbutse. Ndinali azakhali a ku Jali. Kusiyana kwake iwo sankadziwa, ine ndinkadziwa chilichonse ndipo ndinakodwabe.

Pajatu zinthu izi sizinangochitika mwangozi. Kadontho kofiira kaja kanayesedwa. Zoti tsamba silitha, ukupalasa ngati nkhuku padzala pansi osafika, wina anachita kukonza kuti pasakhale malo oimira, chifukwa munthu amasiya chinthu akafika pothera. Zokoka ndi chala kuti zatsopano zibwere, nthawi zina upeza chokoma nthawi zambiri palibe, ndi mmene juga imagwirira, ikanakhala kuti umawina nthawi zonse kapena suwina nkomwe bwenzi utasiya, chimakusunga ndi mwina. Ndipo zokwiyitsa zimabwera pamwamba chifukwa munthu wokwiya amayankha, woyankha amakhalitsa, wokhalitsa amaona malonda ambiri. Sindikunena kuti opanga zimenezi ndi afiti, inenso sindinali mfiti, ndinali ndi lendi yolipira ndi bwana wofuna nambala. Koma musadzinamize kuti mulimbana nawo ndi kudziletsa kokha, iwo ndi gulu la anthu olipidwa mwezi ndi mwezi kuti kudziletsa kwanuko kugonje.

Poyamba ndinachita zaukali, ndinafufuta zonse tsiku limodzi mpaka WhatsApp. Zinatha masiku 9. Ndinaphonya uthenga wa maliro a mkulu wina wa mu mpingo, ndinamva atayika kale, komanso gulupu ya makolo ku sukulu ya mwana anasintha tsiku la mayeso ife osadziwa. Kuno WhatsApp si zosangalatsa chabe, ndi mmene mwana wa mfumu ankayendera khomo ndi khomo kulengeza zovuta, ukaichotsa wadzichotsa pamudzi. Nde amene amakuuzani kuti ingofufutani zonse mwina amakhala dziko lina.

Zimene zinagwira ndi zosasangalatsa kumva. Ma notification onse ndinazimitsa kupatula kuyimba ndi meseji wamba, wondifuna msanga ayimbe. Twitter ndinaichotsa pa foni, zinandiphwekera chifukwa July 2023 anali ataisintha kukhala X ndipo inali itayamba kale kuoneka ngati nyumba ya eni. LinkedIn ndimatsegula pa laputopu Lachisanu basi. Facebook ndimalowera pa browser ndipo ndikamaliza ndimatuluka kuti ulendo wina ndichite kulemba pasiwedi, kaulesi kakang'ono kameneko kamandipulumutsa kambirimbiri, ndi nzeru yomweyo tinkagwiritsa kuntchito koma chammbuyo, ife tinkachotsa chopinga chilichonse kuti munthu adine msanga, ine ndikudziikira zopinga. Pa foni ndimagula bandulo ya WhatsApp yokha, intaneti yonse ili pa kamashini ka pa tebulo, ndikatuluka pakhomo yatsala komweko. Chaja imagona pa balaza, kuchipinda kumalowa kafoni ka mabatani. Ngati muli ndi Android lowani mu settings mupeze Digital Wellbeing muone maola anu a sabata yatha, ine nditaona anga ndinayamba ndakana kuti mwina mwana amaseweretsa foni, mwana wake uti.

Masabata oyamba amawawa, ndisakunamizeni. Dzanja limapita lokha mthumba uli pa mzere ku banki, uli mu minibasi kudikira kuti idzaze, olo uli kuchimbudzi. Umamva ngati anzako onse ali pa ukwati iwe sanakuitane. Ndinayamba kumakwera phiri Loweruka mmawa mpaka ku damu la Mulunguzi wapansi, osati chifukwa ndinasanduka munthu wa zachilengedwe koma kuti ndikhale kutali ndi laputopu, ndikubwera nditatopa ndi kapulasitiki ka mastroberi a ana aja ogulitsa mmsewu. Munthu wobadwira mmunsi mwa phiri lomweli ndinali nditakwerako katatu kokha moyo wanga wonse, kawiri ndi alendo.

Ndipo ndinagwanso. 10 June 2024 ndege ya a Chilima itasowa ndinabwezeretsa X usiku womwewo, ndinati ndingoona nkhani. Masabata awiri ndinali mommo mpaka 2 koloko usiku, kuwerenga mphekesera, mkwiyo, zithunzi zoti sindinkayenera kuona, ndipo pa zonsezo chenicheni chimene ndinadziwa chinali chomwecho chimene mayi anga anamva pa wailesi ku Chinamwali. Ndinaichotsanso. Pasiwedi anasunga madam.

Za ntchito, inabwera kudzera njira yoti sindikanaiganizira. Mayi ejenti uja wa pansi pa ambulera, patha zaka pafupifupi 8, anali atasamukira kwawo cha ku Songani ndipo ndi mlembi wa gulu la banki mkhonde. Anakumana ndi mnzanga wakale wa ku Lilongwe uja pa maphunziro ena, nkumufunsa kuti kodi achimwene olongolola aja ankakhala pa benchi langa aja ali kuti, tili ndi vuto la mabuku. Mnzangayo anali akuyendetsa kantchito kothandiza magulu oterewa, anandiimbira. Mayi ameneyu alibe Twitter, sanaonepo thread yanga olo imodzi. Ankangokumbuka kuti ndinakhala masiku atatu ndikumumvetsera.

Nde pano ndi zimene ndimachita, ndimayenda mmagulu a banki mkhonde cha ku Songani, Domasi, Thondwe, pena ndimathandiza mashopu awiri atatu mtauni za kawerengedwe ka katundu. Ndalama zake musafunse, November 2023 kwacha itagwanso ndi 44 peresenti ndinali nditabwerera kale ku makwacha, nde ndinalawa mbali zonse ziwiri kkkk. Galimoto ija ndinagulitsa, ndine wa kabaza ndi minibasi. Pali masiku ndimaona anzanga akale ali pa ndege kupita ku Kigali ku msonkhano mtima umachita kuti nyuu, sindinafike poti sindisilira.

Kwa ana a pa Chanco aja, LinkedIn tsegulani, ikani zimene mwapanga zenizeni, ka app kogwira ntchito olo kakhale konyansa, nambala yanu, basi. Sindikuletsani kuposita. Koma maola amene mukufuna kuthera pomanga dzina, theka lake mukathere pa benchi la munthu amene ali ndi vuto loti mungalithetse, wa golosale, sisitala wa pa chipatala chaching'ono, mlembi wa gulu, ndipo amene mukugwira nawo ntchito lero, olo ikhale ya pulinta, muziwasiya akukufunani, nambala zawo mulembe mu kope osati pa foni pokha. Chimene mukufuna kutwita mutakwiya chigoneni kaye. Ndipo tsiku lina mukadzakhala mu miting'i nambala ili pa khoma, mudzafunse kuti munthu amene akweze nambalayi ndi ndani, ali kuti 6 koloko madzulo, chifukwa ine sindinafunse mpaka anandipatsa foni yomanga ndi labala.

Ku magulu a banki mkhonde aja ndinapita ndi maganizo a app yokongola, anandiseka. Iwo ali ndi dongosolo lawo kale, amakumana sabata ndi sabata, kugula masheya, kubwerekana, kathumba kapadera ka zadzidzidzi, bokosi la maloko atatu makiyi kwa anthu atatu osiyana, December kugawana. Vuto lawo linali limodzi, pogawana pamabuka mikangano chifukwa buku la mlembi ndi mutu wa membala sizigwirizana, wina amati ndinaponya kasanu buku likuti kanayi. Nde tinapanga chinthu chophweka mpaka manyazi, buku likhale momwemo, koma mlembi akalemba membala alandire meseji yonena kuti lero mwasunga zakuti, zonse pamodzi zakwana zakuti. Palibe zikomo wonyengerera, palibe maola 24. Zilembo sizifika ndi 100 zomwe.

Poyamba ndinaika kuti mameseji azipita madzulo onse pamodzi, zinali zophweka kwa ine. Sabata yachitatu ku Domasi mayi wina wachikulire anadikira anthu onse amwazikane nkundikokera pambali, achimwene, chinthu chanuchi nchabwino koma chizibwera tikadali pompano. Ndinafunsa chifukwa. Anati foni ndi imodzi pakhomo, madzulo imakhala ndi abambo, tsopano adziwa kuti ndili ndi zingati ndipo ayamba kale kuwerengera za December. Tinasintha, pano meseji imalowa msonkhano uli mkati, munthu awerenge, afanizire ndi buku, akafuna afufute asananyamuke. Koma alipo anayi mgulu lomwelo amene foni sabwera nayo nkomwe ku msonkhano, imatsala ndi amuna awo, amenewa tawazimitsira kaye mameseji ndipo akusainabe ndi chala mu buku. Lachinayi likubwerali ndikupitanso kukakhala nawo, mlembi akuti mmodzi mwa iwo ali ndi nzeru ina yokhudza foni ya mwana wake wa ku sekondale.